Funsani Aphunzitsi: Kodi Sciences Po ya ku Paris ndi sukulu yanji?

Mwezi uno makalata asanu afunsa za sukulu imodzi, ndiye ndawaika pamodzi. Chifalansa ndachiphunzitsa ku sekondale zaka zoposa makumi awiri, ndipo pa sukulu imeneyi ndinapondapo ndi mapazi angawa, nthawi yomwe tinapita ku France kukasulidwa monga aphunzitsi a chilankhulochi.

*Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi walemba Folomu 4 chaka chino, ndipo m'kalasi satsika pa nambala 3. Ine ndimafuna adzachite unamwino kapena udokotala. Tsono iye wakakamira sukulu ina ya ku France yomwe anaiona pafoni, akuti Sciences Po. Nditamva mawu oti sayansi ndinakondwa, koma mlongo wanga akuti kumeneko kulibe za chipatala, n'za ndale zokhazokha. Zoona n'ziti? Sindifuna mwana wanga azikakuwa m'misonkhano ya chipani.*
*Mayi wa ana atatu, Area 25, Lilongwe*

Mayi, alongo anuwo sananame. Ku Sciences Po kulibe wodi ya odwala, ndipo palibe amene amatulukako ali dokotala wa chipatala. "Po" ndi chidule cha mawu a Chifalansa oti politiques. Koma mtima ukhale m'malo, kumeneko saphunzitsa kuvinira atsogoleri kapena kutukwana otsutsa. Amaphunzitsa za m'kati mwa boma: lamulo limalembedwa bwanji, msonkho umatoleredwa bwanji ndipo umathera kuti, mayiko awiri akakanganirana malire amakambirana motani. Ndiloleni ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono, chifukwa sukulu imeneyi inabadwira pamaliro.

Mu Julaye 1870 dziko la France linaputa nkhondo ndi Prussia, ufumu wamphamvu kwambiri mwa maufumu a Chijeremani, likudzitama kuti lipambana msangamsanga. Pasanathe miyezi iwiri, pa 2 Sepitembala, mfumu yawo Napoleon III inagwidwa ku Sedan pamodzi ndi gulu lake lankhondo. Mzinda wa Paris unazingidwa nyengo yonse yachisanu. Njala inavuta mpaka anthu anadya akavalo, makoswe enieni a m'ngalande, ngakhale njovu za kumalo oonetserako nyama. Mu 1871 France inalandidwa chigawo cha Alsace ndi mbali ya Lorraine, n'kulamulidwanso kulipira ma franc 5 biliyoni. Pamwamba pa zonsezo, chaka chomwecho anthu a mu Paris anaukira boma lawo, ndipo m'mwezi wa Meyi asilikali a France anapha abale awo omwe zikwizikwi m'misewu ya mzindawo.

Dziko likagwa chagada chonchi, ambiri amangofunafuna woti amuloze chala. Émile Boutmy, mtolankhani komanso mphunzitsi wa zaka 36, anaona kuti France inali itagonja kale m'mutu mfuti zisanalire. Akuluakulu a boma ankadziwa Chilatini ndi ndime za malamulo, koma za momwe mayiko oyandikana nawo akonzera njanji, misonkho, asilikali ndi masukulu awo sankazidziwa, ndipo sukulu yophunzitsa zimenezo kunalibe. Iye anayenda kwa anthu achuma ndi kwa ophunzira monga Hippolyte Taine kupempha thandizo, ndipo kumayambiriro kwa 1872 anatsegula École libre des sciences politiques m'zipinda zalendi, ndi ophunzira 89. Mawu oti libre pamenepa akutanthauza kuti sinali ya boma. Mmodzi mwa aphunzitsi oyamba anali Albert Sorel, yemwe ankaphunzitsa mbiri ya ukazembe. Sipanatenge nthawi, ambiri mwa amene ankakhoza mayeso olowera ntchito zapamwamba za boma ndi za ukazembe anali odzera pa sukulu ya Boutmy.

Mu 1879 mayi wina wachuma, Duchesse de Galliera, anapereka ndalama zomwe anagulira nyumba ya nambala 27 mumsewu wa rue Saint-Guillaume, ndipo pamenepo ndiye pa likulu mpaka lero. Mukamayenda mumsewumo mukhoza kupitirira osadziwa, poti mpanda wautali ngati wa masukulu akwathu palibe. Mukangolowa mumapeza chipinda chachikulu, pakati pake pali benchi lalitali lathabwa, losalala chifukwa cha mibadwo ya ana omwe akhalapo. Amalitcha la Péniche, ndiye kuti bwato lonyamula katundu pamtsinje. Tsiku lomwe ndinafikako ndinakhala pa benchi limenelo pafupifupi ola lathunthu. Pambali panga mtsikana wina ankabwerezabwereza chamumtima zomwe akalankhule m'kalasi, milomo ikungogwedera, maso ali pa wotchi. Chizindikiro cha sukuluyi ndi mkango ndi nkhandwe, kuchokera ku malangizo a Machiavelli, wolemba za ndale wakale wa ku Italy, oti wolamulira akhale ndi mphamvu za mkango komanso kuchenjera kwa nkhandwe, poti mkango suzindikira msampha ndipo nkhandwe singalimbane ndi mimbulu. Ife tikanaikapo kalulu, tanthauzo likanakhala lomwelo.

Poti wanuyo ndi mtsikana, dziwani kuti akazi anayamba kulandiridwa mu 1919, ndipo anali asanu ndi mmodzi okha. Lero atsikana ndiwo ambiri kuposa anyamata.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu ambiri ankafuna kuti boma lilande sukuluyi, ponena kuti inasanduka khola la ana a anthu olemera. Boma la Charles de Gaulle linagamula pa 9 Okutobala 1945 pogawa zinthu pawiri. Panakhala bungwe loima palokha, Fondation nationale des sciences politiques, losunga chuma, nyumba ndi laibulale, ndipo panakhala sukulu ya boma yophunzitsa, Institut d'études politiques de Paris. Ziwirizi pamodzi ndiye Sciences Po ya lero, ya ophunzira pafupifupi 15,000, theka la iwo ochokera kunja kwa France.

Tsopano za mwana wanuyo. Digiri yoyamba imatenga zaka zitatu. Chaka choyamba aliyense amaphunzira malamulo, zachuma, mbiri, maphunziro a ndale, za chikhalidwe cha anthu ndi nzeru za akale. Chaka chachiwiri amasankha mbali yoti aikepo mtima. Chaka chachitatu palibe amene amatsala pasukulu, aliyense amatumizidwa kudziko lina. Aliyense amayeneranso kugwira ntchito yothandiza anthu, monga m'nyumba za okalamba kapena kumalo olandirira othawa kwawo, ndipo zimenezi zimawerengedwa pa digiri.

Si onse amakhala mu Paris. Kuyambira 2000 anatsegula nthambi m'mizinda isanu ndi umodzi, iliyonse ndi dera lake la dziko lapansi: Nancy, Dijon, Poitiers, Menton, Le Havre ndi Reims. Ya za Africa ili ku Reims, mzinda womwe mafumu a France ankadzozedwera, ulendo wa mphindi 45 pa sitima yothamanga kuchokera ku Paris. Amaphunzirira m'nyumba zakale za ansembe a Chijezwiti. Ndondomeko ya za Africa imeneyi mbali yaikulu ndi ya m'Chifalansa, pomwe ku Le Havre, komwe amaika mtima pa za Asia, amaphunzira m'Chingerezi.

Maganizo anga ndi awa, Mayi. Sukuluyi imafuna satifiketi yofanana mphamvu ndi baccalauréat ya kwawoko, monga A-Level kapena IB, choncho mwanayo alembere ofesi yawo yolandira ophunzira, awafunse mwachindunji za MSCE asanalipire ngakhale tambala. Koma akanakhala mwana wobereka ine ndikanamuuza kuti ayambe watenga digiri kuno kwathu. Ku Zomba malamulo aliko, maphunziro a ndale aliko, Chifalansa chiliko. Akamaliza adzagogode ku Paris pa digiri yachiwiri, khomo lake ndi lotakasuka kuposa loyambali. Ndipo musamunyoze poti sakufuna unamwino. Mankhwala akasowa m'chipatala, vuto limakhala litayambira pa tebulo la munthu wolemba bajeti, ndipo pamenepo pamafunikanso mwana wanzeru.

*Aphunzitsi, ndili ndi digiri ya zachuma ndipo ndagwira ntchito m'boma zaka zinayi. Chifalansa changa chimathera pa bonjour. Kodi munthu ngati ine ali ndi malo kumeneko?*
*Mnyamata wa ku Capital Hill*

Achimwene, malo alipo, ndipo inu ndi amene sukuluyi imakufunani. Digiri yachiwiri, ija timaitcha masitazi, imatenga zaka ziwiri, ndipo imaperekedwa m'masukulu angapo a pansi pa denga limodzi. Ya utolankhani inatsegulidwa mu 2004, ya malamulo mu 2009, ya za ubale wa mayiko yotchedwa PSIA mu 2010, ya kayendetsedwe ka boma ndi ya za mizinda mu 2015. Palinso ya za bizinesi ndi ya kafukufuku, komwe kumachokera madokotala a zamaphunziro.

Inu yang'anani ziwiri. PSIA imaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo muli nthambi za chitukuko, ndondomeko za chuma, mphamvu zamagetsi ndi mafuta, zachilengedwe, ufulu wa anthu ndi chitetezo. Kuyambira 2015 mpaka 2021 mkulu wake anali Enrico Letta, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya Italy. Apa ndi pomwe pali mphamvu ya sukuluyi. Ambiri mwa aphunzitsi ndi anthu omwe masana ali ku unduna, ku banki kapena ku khoti, madzulo n'kubwera kudzaphunzitsa zomwe agwira ndi manja awo. Yachiwiri ndi ya kayendetsedwe ka boma, yomwe ilinso ndi maphunziro a m'Chingerezi. Ndikanakonda wina wa ku khonsolo ya mzinda akanandifunsa za sukulu ya mizinda ija, chifukwa ili ndi digiri ya kayendetsedwe ka mizinda ikuluikulu yomwe ikukula mofulumira kuposa mipope ndi misewu yake. Aliyense wodziwa Mtandire kapena Ndirande nthawi ya dzinja amva zomwe ndikunena. Pa zigawo zinayi za maphunziro, chimodzi chimapatulidwa kuti munthu akaphunzire ntchito m'bungwe lina, akaphunzire ku yunivesite ya dziko lina, kapena alembe kafukufuku wake.

Konzekerani chinthu chimodzi chomwe chimadabwitsa alendo onse. Amachitcha exposé. Mphunzitsi amakupatsani mutu, ndipo tsiku lanu likafika mumaima kutsogolo kwa anzanu mphindi khumi. Mumayamba ndi funso lomwe labisala m'mutuwo, amati problématique, kenaka mumaligawa zigawo ziwiri, chigawo chilichonse pawirinso. Mphindi zikatha zatha, ngakhale muli pakati pa chiganizo. Ife tinazolowera kuyamba ndi malonje, kuthokoza a mpando, kuzungulira kaye tisanafike pa mutu wa nkhani. Kumeneko mukatero nthawi imakutherani musananene kanthu. Nditabwerako ndinaiyesa njirayi pa ana anga a Folomu 3. Sabata zoyamba ankadandaula kwambiri, koma pofika kumapeto a teremu, mnyamata wina yemwe ankalemba masamba anayi opanda mutu anaima n'kufotokoza vuto la madzi a pasukulu pathu m'mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo a hedi analemba notsi.

Za Chifalansa musazengereze. M'kalasi mudzalankhula Chingerezi, koma eni nyumba, dokotala ndi wogulitsa buledi adzakuyankhani m'chilankhulo chawo. Yambani lero, ndipo mulinge kudzalemba mayeso a Chifalansa otchedwa DELF. Mukafika pa gawo lake lotchedwa B2 mwatsegulanso makomo a ntchito ku African Union, ku African Development Bank mu Abidjan, ndi ku DRC, yomwe tili nayo limodzi mu SADC.

*Aphunzitsi, mwana wa mchemwali wanga wapeza Sciences Po Lille ndi Sciences Po Bordeaux pa intaneti. Kodi ndi nthambi za yomweyi?*
*Malume, Johannesburg*

Ayi, Malume. Dzina n'lofanana koma ndi mabanja osiyana. Boma la France linatsegula masukulu ena a mtundu womwewu: Strasbourg mu 1945, Bordeaux, Grenoble, Lyon ndi Toulouse mu 1948, Aix-en-Provence mu 1956, Lille ndi Rennes mu 1991. Iliyonse ili ndi mkulu wake, fizi yake ndi digiri yake. Ndi masukulu abwino. Christine Lagarde, mkulu wa European Central Bank, anaphunzira ku Aix, ndipo ku Bordeaux kuli likulu lodziwika la kafukufuku wa za Africa. Mphwanuyo angodziwa khomo lomwe akugogoda. Nthambi zenizeni za ya ku Paris ndi zisanu ndi imodzi ndatchula m'yankho loyamba zija.

*Aphunzitsi, inu mumakonda kuyamikira za ku France. Kodi masukulu amenewa si omwe anasula atsamunda omwe anapondereza abale athu ku West Africa? Titumizirenji ana athu kumeneko?*
*Mphunzitsi mnzanu wa mbiri, Dedza*

Aphunzitsi anzanga, funso lanu ndalilandira ndi manja awiri, ndipo sindikuphimbirani kanthu. Sukulu ya Boutmy inakula pamodzi ndi utsamunda wa France. Mu 1886 inatsegula ngakhale nthambi yophunzitsa za kayendetsedwe ka mayiko olamulidwa ndi atsamunda, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake oyamba, Paul Leroy-Beaulieu, anali mlaliki wamkulu wa utsamunda. Boutmy mwini wake sankabisa kuti akufuna kuti mabanja apamwamba apitirize kulamulira, koma kudzera mu luso m'malo mwa kubadwa.

Onaninso omwe adutsamo. Apulezidenti a France Pompidou, Mitterrand, Chirac, Hollande ndi Macron onse anatenga mapepala pamenepo, ndipo Sarkozy anaphunzirapo ngakhale sanamalize. Atsogoleri ochuluka chonchi kuchokera pa khomo limodzi, anthu wamba amayamba kuona ngati boma ndi munda wa banja limodzi, ndipo a ku France omwe amadandaula za zimenezi mokweza. Mwa a ku Africa kuno, panadutsa Habib Bourguiba yemwe anatsogolera Tunisia ku ufulu kuchoka m'manja mwa France yomweyo, ndi Boutros Boutros-Ghali wa ku Egypt, mlembi wamkulu wa United Nations kuyambira 1992 mpaka 1996. Koma panadutsanso Paul Biya, yemwe ali pampando ku Cameroon chiyambire 1982, ndi Hissène Habré wa ku Chad, yemwe khoti la ku Dakar linamugamula mu 2016 kukhala m'ndende moyo wake wonse chifukwa cha nkhanza zomwe anachitira anthu ake. Mu 2021 ndi mu 2024 akulu a sukuluyi awiri otsatizana anatula pansi udindo pakati pa nkhani zochititsa manyazi.

Chomwe chimandipatsa ulemu pa sukuluyi n'chakuti inayesapo kudzikonza pamaso pa anthu. Mu 2001 mkulu wake, Richard Descoings, anachita mgwirizano ndi masekondale asanu ndi awiri a m'madera osauka kuti ana akhama a kumeneko azilowa kudzera m'njira yawoyawo, osadzera mayeso olemba omwe ankakomera ana a m'mabanja ophunzira. Chaka choyamba analowa 17. Phokoso linali lalikulu, nkhani inafika mpaka kukhoti, ena akuti digiri yatsika mtengo. Ambiri mwa ana amenewo anali a makolo ochokera ku Africa kuno. Lero masekondale a mumgwirizanowu ali pafupifupi 200. Ife amene takangana zaka zambiri za kasankhidwe ka ana opita ku yunivesite, nkhani imeneyi ndi yofunika kuiwerenga modekha.

Nanga titumizirenji ana? Chifukwa omwe amakhala tsidya lina la tebulo tikamakambirana za ngongole, za migodi kapena za malonda ndi European Union, ambiri anasulidwa m'masukulu otere. Ine ndimafuna kuti wathu wokhala tsidya lino adziwe momwe iwo amaganizira, chilankhulo chawo, ndi pomwe amabisa mawu m'mapangano. Inu mukamuphunzitsa bwino mbiri ya kwawo asananyamuke, akakhala pa benchi lija akudziwa kuti iye ndani.

*Aphunzitsi, tanenani za ndalama. Mwana wanga wamaliza digiri ndipo akufuna kupita. Ndili ndi chigayo ndi kamunda ka maekala atatu. Ndikagulitsa zikwana?*
*Bambo wa ku Mchinji*

Bambo, chonde musagulitse. Sizikwana, ndipo mudzatsala opanda pogwira mwana ali pakati pa maphunziro.

Ana a mabanja okhala m'mayiko a European Union amalipira molingana ndi zomwe makolo awo amapeza, ndipo osaukitsitsa salipira konse. Wochokera kwathu kuno amalipira fizi yonse yathunthu. M'zaka zaposachedwapa digiri yoyamba yakhala yoposa ma euro 14,000 pachaka, yachiwiri pafupifupi 20,000 pachaka. Pamenepo sanadye, sanagone. Kachipinda kamodzi mu Paris, koti bedi ndi tebulo zadzaza, kamapitirira ma euro 700 pamwezi, ngakhale ku Reims n'kotsikirapo. Kuti apeze viza ayenera kuonetsa kuti ali ndi ndalama zokwanira za mwezi uliwonse, zomwe m'zaka zapitazi zinali ma euro osachepera 615. Lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ganyu maola 964 pachaka, koma ndalama imeneyo ndi ya ndiwo ndi thiransipoti, fizi singachokemo.

Njira ndi sikolashipu, ndipo ndikutchulirani zitatu. Yoyamba ndi ya Mastercard Foundation, yomwe yakhala ikugwira ntchito ndi Sciences Po kuyambira 2017 pothandiza ana a ku Africa anzeru koma osowa. Imeneyi imalipira fizi, ulendo ndi zofunika pa moyo, ndipo ndi yomwe mwana wanu ayambe kuyang'ana. Yachiwiri ili ndi dzina la Émile Boutmy mwini wake, ndi ya ochokera kunja kwa European Union, koma kawirikawiri imangochotsera gawo la fizi. Yachitatu ndi ya Eiffel, ya boma la France. Imapereka ndalama ya mwezi ndi mwezi koma fizi salipira, ndipo munthu sadzipemphera yekha, sukulu ndiyo imamupemphera ikamusankha.

Zonse zimachitikira pa intaneti, pa tsamba la sukulu yomweyo. Akabwera munthu ndi chikwama kunena kuti akupezerani malo mukamupatsa kangachepe, mutsekereni chitseko. Amayamba kulandira mafomu cha mu Okutobala, ndipo ofuna sikolashipu masiku awo amatha msanga kuposa a ena onse. Choncho mwanayo pofika Ogasiti akhale atatenga mapepala a magiredi ake ku yunivesite, atapempha aphunzitsi ake makalata a umboni, atalembetsa mayeso a Chingerezi ngati awafuna, ndipo pasipoti ili m'manja. M'kalata yofotokoza chifukwa chomwe akufunira malo asalembe zokopera pa intaneti. Alembe za chigayo chanucho: magetsi akazima masiku atatu amayi amapita kuti ndi chimanga chawo, dizilo akakwera mtengo wa chigayo umasintha bwanji, ndipo iye akufuna kuphunzira chiyani kuti adzakonze zimenezo.